Makina Akakhala Chete

Munthu wopenya akakhala pa kompyuta ndipo china chake n'kusokonekera, makinawo amamuuza okha. Pa sikirini pamabwera uthenga, mwina wa mawu ochepa, mwina wa manambala osamveka bwino, koma uthengawo ulipo ndipo iye amauona. Akhoza kuukopera papepala kapena kuitana mnzake n'kumulozera ndi chala. Kwa munthu wosaona nkhani ndi ina. Iye amadziwa zimene zili pa sikirini kudzera m'njira ziwiri zokha: liwu limene limamuwerengera, ndi timadontho ta Braille timene timatumphuka pansi pa zala zake. Tsono chimene chawonongeka chikakhala liwulo kapena timadonthoto, ndiye kuti amene wadwala ndi mthenga yemwe akadabweretsa uthenga wa matendawo. Mawu ofotokoza vuto amakhala ali pomwepo, pamaso pake penipeni, koma wowapereka palibe.

Mayi wina amene amaphunzitsa Chichewa pa sukulu ina ya sekondale m'chigawo chapakati cha Malawi wakhala akulimbana ndi vuto lotereli kwa zaka zambiri. Iye adasiya kuona ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi atadwala chikuku. Braille adaiphunzira ku Chilanga, m'boma la Kasungu, poboola pepala lolimba ndi kachitsulo kosongoka, kuyambira kudzanja lamanja kupita kumanzere, kuti akalitembenuza pepalalo aliwerenge kuyambira kumanzere monga amachitira aliyense. Kompyuta adaidziwa ali wamkulu kale, koma lero ntchito yake yonse yagona pamenepo: kukonza maphunziro, kulemba mayeso, kusunga malikisi a ana ndi kuyankha makalata a akuluakulu. Makina akakhala chete, ntchito yonseyo imaima nthawi imodzi.

Chipangizo chimene amachidalira kwambiri ndi chija Angerezi amachitcha braille display. Ndi kabokosi kakatali kamene amakaika kutsogolo kwa kiyibodi. Pamwamba pake pali mzere umodzi wa tizipinda 40, ndipo m'kachipinda kalikonse muli timabowo 8 momwe mumatulukira timitu tosalala tonga ta mapini. Pansi pa kamutu kalikonse pali kanthu kopyapyala kamene kamapindika kakalandira mphamvu ya magetsi, n'kukankhira kamutuko m'mwamba. Motero timitu 320 timakwera ndi kutsika molingana ndi zimene zalembedwa pa sikirini. Wowerenga akafika kumapeto kwa mzere amadina batani, zilembo zakale n'kumira, zatsopano n'kutumphuka. Maziko a zonsezi ndi madontho 6 aja amene Louis Braille, mnyamata wa ku Coupvray m'dziko la France, adawasanja m'chaka cha 1824 ali ndi zaka 15 zokha. Madonthowo amakhala m'mizere iwiri yoimirira, 1, 2 ndi 3 kumanzere, 4, 5 ndi 6 kumanja, ndipo amatha kupanga zizindikiro 63. Awiri owonjezerawo, a 7 ndi 8, adabwera ndi makompyuta, ndipo kawirikawiri amasonyeza pamene munthu wafika polemba.

Chimene mayiyu adachizindikira m'kupita kwa nthawi n'chakuti uthenga wochokera pa sikirini umayenda m'misewu iwiri, ndipo msewu uliwonse uli ndi milatho yakeyake. Mlatho woyamba ndi umodzi wa misewu yonse iwiri: pulogalamu imene imatola zili pa sikirini n'kuzipereka kwa munthu wosaona. Iye amagwiritsa ntchito yotchedwa NVDA, imene ndi yaulere. Kuchokera pamenepo msewu wa khutu umadutsa pa kapulogalamu kopanga liwu, pa zida za mawu za m'kompyutamo, pa voliyumu, n'kukathera pa sipika kapena mahedifoni. Msewu wa chala umadutsa pa malamulo osandutsa zilembo wamba kukhala madontho, pa kapulogalamu kolankhulitsa kompyuta ndi chipangizocho, pa nthambo ya USB kapena Bluetooth, pa batire, n'kukathera pa kamutu kaja. Mlatho umodzi ukakokoloka, ulendo wonse waima, ndipo woyenda sauzidwa kuti wakokoloka ndi uti.

N'chifukwa chake funso lake loyamba silisintha: kodi yatsekeka ndi misewu yonse iwiri, kapena umodzi? Liwu likazima koma madontho akusinthabe akadina mabatani, amadziwa kuti mlatho woyamba uli bwino ndipo vuto lili kumbali ya mawu. Liwu likamamveka koma madontho ali phee, vuto lili kumbali ya chala. Zonse ziwiri zikafa pamodzi, ndiye kuti pulogalamu yowerenga yaima, kapena kompyuta yeniyeniyo siidadzuke bwino. Funso limodzi lomweli limadula pakati malo oyenera kufufuza, ndipo msewu umene watsala ndi moyo ndi womwe amaugwiritsa ntchito pokonza mnzakewo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayiyu amaseka akamati mwambiwo umagwira ntchito ngakhale kwa munthu amene maso a nkhono sadzawaona.

Liwu likasowa amayambira pa zinthu zazing'ono, chifukwa ndi zimene zimalakwika kawirikawiri. Amapapasa m'mbali mwa laputopu kuti amve ngati mahedifoni adasomekedwa n'kuiwalika m'kabati. Amakweza voliyumu, poti mwina mwana wina adaitsitsa. Amakumbukira kuti kompyuta ikalumikizidwa ku pulojekita ya m'kalasi kapena ku sipika ya Bluetooth imatha kutumiza mawu onse kumeneko, n'kumalankhula m'chipinda mopanda munthu. Kenaka amadina batani la Insert pamodzi ndi S, chifukwa mabatani awiriwa amasintha kalankhulidwe ka NVDA, ndipo dzanja likawakhudza mwangozi liwu limatha kuzimiratu pulogalamuyo ili moyo. Zikakanika amadina Control, Alt ndi N kuti aiyambitsenso. Ikapanda kuyankha amadzutsa Narrator, wowerenga amene amabwera ndi Windows, podina Control, batani la Windows ndi Enter. M'chikwama chake simusowa zinthu ziwiri: fulashi yokhala ndi NVDA yotha kuyenda payokha, ndi kachida kakang'ono ka mawu kosomeka pa USB, kamene kamapatsa kompyuta pakamwa pena ngati pakale patseka.

Madontho akasowa ndondomeko yake ndi yomweyo, kuyambira panja kulowa m'kati. Amazula nthambo n'kuisomekanso, kenaka n'kuyesa bowo lina. Amasunga nthambo yachiwiri chifukwa adaphunzira kuti pali nthambo zina zimene zimangotchaja batire koma sizinyamula uthenga, ndipo pozigwira ndi dzanja sizisiyana ndi zinzake. Amazimitsa chipangizocho n'kuchiyatsanso, ndipo chikaonetsa moni wake wa masiku onse pansi pa zala amadziwa kuti icho chili bwino, chasowa chabe wolankhula nacho. Pamenepo amatembenukira ku kompyuta. Nthawi zina foni yake ndiyo idachigwira kale kudzera pa Bluetooth. Nthawi zina mapulogalamu awiri owerenga amakhala akulimbirana chipangizo chimodzi, monga anthu awiri ogwira mpini umodzi, ndipo mpaka mmodzi atausiya palibe angalime. Lamulo limene salilumpha ndi lakuti amasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, n'kuyesa, n'kupitirira. Wosintha zitatu nthawi imodzi, ngakhale zitatheka, sadziwa chimene chachiritsa, ndipo mawa vuto likabweranso amayambira pachiyambi.

Komatu kukhala chete si vuto loopsa kwambiri. Loopsa ndi pamene chipangizo chikulankhula koma chikunama. Fumbi la choko, mafuta odzola ndi thukuta la mwezi wa Okutobala zimalowa m'timabowo tija, ndipo kamutu kamodzi kamatha kukakamira pansi. Dontho limodzi likafa chilembo chimasanduka china. M'kachipinda momwe dontho la 3 lakana kukwera, l amakhala b, p amakhala f, ndipo n amakhala d. Mawu akuti luka amawerengeka buka, ndipo pota amawerengeka fota. Choposa apo, kachizindikiro kaja kamene timaika pambuyo pa ng polemba ng'ombe ndi dontho la 3 lokhalo, kotero likafa pamangotsala mpata wopanda kanthu. Kwa mphunzitsi wa chiyankhulo amene akuchonga kalembedwe ka ana, nkhaniyi si yaing'ono: akhoza kudula malikisi mwana amene adalemba bwino.

Njira yake yogwirira bodza lotere ndi yapafupi. Akakayika chilembo amawonjezera mpata umodzi kumayambiriro kwa mzere kuti mawu onse asunthe ndi kachipinda kamodzi. Cholakwikacho chikatsala pamalo pomwe chidali, pansi pa chala chomwecho, ndiye kuti wadwala ndi kamutu, ndipo mankhwala ake ndi kansalu kofewa ndi kuleza mtima. Chikasuntha pamodzi ndi mawuwo, ndiye kuti makina ali bwino ndipo vuto lili m'zolembedwazo kapena m'malamulo owasandutsa madontho. Pofuna kupewa zambiri amasamba m'manja asanayambe kuwerenga, ndipo akamaliza amafunditsa chipangizocho kachitenje. Amatero chifukwa mtengo wa chipangizo cha tizipinda 40 umafika madola masauzande angapo. Chakecho adachilandira kuchokera ku bungwe lina lothandiza, ndipo chitawonongekeratu chingafunike kutumizidwa kunja kwa dziko, iye n'kukhala miyezi akudikira.

Malamulo osandutsa zilembo kukhala madontho amasungidwa m'mndandanda umene akatswiri amautcha tebulo, ndipo chiyankhulo chilichonse chimayenera kukhala ndi lake. Apa m'pamene vuto la makina limakumana ndi nkhani ya chiyankhulo. Braille ya Chingerezi ili ndi kalembedwe kachidule kamene kamaphatikiza zilembo zobwerabwera kukhala chizindikiro chimodzi, monga and, the ndi ing. Tebulo lotere likapatsidwa Chichewa limagwira ntchito yake mokhulupirika koma mosadziwa. M'mawu akuti mkanda limapezamo and, m'mawu akuti mathero limapezamo the, ndipo m'mawu akuti malinga limapezamo ing. Chala chozolowera chimatha kumasulira, koma chimapunthwa, chifukwa chidulecho chadula mawu pamalo pomwe Mchewa sadulapo. Tebulo lina likakumana ndi chilembo chimene silichidziwa, monga ŵ wa kadenga uja, limaika manambala m'malo mwake. Kwa zaka zingapo mayiyu ankathawira ku tebulo la Chingerezi lopanda zidule. M'chaka cha 2023 NVDA idatuluka ndi tebulo la Chichewa cha ku Malawi, lochokera m'nkhokwe ya matebulo yotchedwa Liblouis. Tsiku limene adapeza dzina la chiyankhulo chake pamndandandawo adaliwerenga kangapo ndi chala asanalisankhe.

Liwu nalonso lili ndi mabodza ake. Liwu lopangidwira Chingerezi likapatsidwa Chichewa limatchula phiri ngati firi, ndipo kale limamuyesa ndiwo zamasamba zija za Azungu. Silisiyanitsa ng'oma yoimba ndi ngoma ya m'tchire. Mayiyu adapeza mpumulo pang'ono posankha liwu la Chiswahili limene lili mu eSpeak, kapulogalamu ka mawu kobwera pamodzi ndi NVDA, chifukwa mavawelo asanu a ziyankhulo ziwirizi amafanana, ndipo zonse zimalemetsa silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto. Komabe th wa Chiswahili si th wa m'mawu akuti thupi. Motero anthu akamamufunsa chifukwa chimene amavutikira ndi chipangizo chodula chotere pomwe kompyuta imatha kulankhula, yankho lake ndi lakuti khutu limamva nkhani koma chala ndicho chimaona kalembedwe. Khutu ndi lachangu, ndipo ndi lokwanira pomvera kalata. Koma amene ntchito yake ndi kusiyanitsa pala ndi phala, kapena kudziwa pamene pakhala mpumiro, sangadalire khutu lokha. Wongomvera amadziwa zimene ena adalemba, pamene wokhudza amatha kulemba zake n'kuzitsimikiza yekha.

Pali nthawi zina pamene misewu yonse iwiri imatsekeka ndipo palibe batani lothandiza. Izi zimachitika makamaka kompyuta ikaima isanafike pomwe mapulogalamu owerenga amadzukira. Usiku wina, mawa lake lili tsiku lopereka mayeso a Folomu 3 kwa mkulu wa dipatimenti, magetsi adazima kompyuta ili pakati podzikonza, ndipo batire lake lokalamba silidapirire. Atabweranso magetsi, mayiyu adamva kafani kakuzungulira ndipo adakhudza kutentha kwa makinawo, koma liwu kudalibe ndipo madontho adali gone. Adalozetsa kamera ya foni ku sikirini, foniyo n'kuwerenga mawu awiri atatu osalumikizana. Pamenepo adaitana mwana wa mchimwene wake amene amakhala naye.

"Azakhali, tasunthani pang'ono ndikukonzereni," adatero mnyamatayo, dzanja lili kale pa kiyibodi.

"Ayi mwanangu, manja ako uwaike m'thumba. Ima kumbuyo kwangaku undiwerengere zimene ukuona, kuyambira pamwamba, osadumpha ngakhale liwu limodzi."

"Palibe chilichonse, azakhali. Pangokhala buluu ndi timabokosi tiwiri."

"M'timabokosimo mwalembedwa chiyani? Nanga kamene kakuwala kuposa kanzake ndi kati?"

Mnyamatayo adawerenga mawu a Chingerezi amene adali pamenepo. Kompyuta inkanena kuti siidayambe bwino, ndipo inkafunsa ngati iyambirenso kapena ipite ku njira zina zokonzera. Mayiyu adadina yekha batani la Tab, n'kufunsa kumene kuwala kwapita, adadinanso, n'kufunsanso, kenaka adadina Enter. Patapita mphindi zochepa liwu lidabwerera, madontho n'kutumphuka, ndipo mayeso adawamaliza usiku womwewo.

Wina angaone ngati kukana dzanja la mwanayo kudali kunyada. Koma mayiyu adaphunzira kuti wothandiza wachifundo amene amalanda kiyibodi amachoka ndi nzeru yonse, n'kusiya makina okonzeka m'manja mwa munthu amene sakudziwa chimene chasinthidwa. Tsiku lina katswiri wina wa makompyuta adamubwezera laputopu mokondwa, nati, "Mayi, ndakonza zonse. Inkalongolola kwambiri ndiye ndachotsa chimene chimayambitsa phokosocho." Phokoso limene adachotsalo lidali maso a mwini laputopuyo. Munthuyo sadali woipa mtima. Adangokonza makina monga momwe iye mwini akadafunira kuwapeza. Kuyambira pamenepo mayiyu amabwereka maso okha, manja amagwiritsa ntchito ake. Safunsa adadya phula, n'zoona, koma wofunsa ayeneranso kudziwa chimene akupempha.

Chimene chimamulimbitsa pa khalidweli ndi kuzindikira mmene anthu amaweruzira. Kompyuta ya mphunzitsi wopenya ikawonongeka, anzake amati makinawo ndi okalamba. Yake ikawonongeka ndipo malikisi n'kuchedwa, pamakhala ena onong'ona kuti mwina ntchito yotere siyoyenera munthu wosaona. Cholakwa cha nthambo chimasanduka mlandu wa munthu, ndipo mlanduwo sugwera iye yekha. Umagweranso mtsikana wosaona amene adzabwere kudzafunsira ntchito pa sukulu yomweyo zaka zikubwerazi. Motero mphindi khumi zimene mayiyu amatha kudzutsa makina payekha zimateteza zambiri kuposa tsiku limodzi la ntchito.

Amapezanso mphamvu pokumbukira kuti zida zimenezi sizidachokere kwa openya ochitira chifundo osaona. Louis Braille adali wosaona, ndipo dziko lakwawo lidavomereza kalembedwe kake m'chaka cha 1854, iye atamwalira kale mu 1852. Ted Henter, amene adayambitsa pulogalamu yowerenga yotchedwa JAWS, adasiya kuona pa ngozi ya galimoto m'chaka cha 1978. Michael Curran, amene adayamba kulemba NVDA ku Australia m'chaka cha 2006, ndi mnzake James Teh, onse ndi osaona. John Boyer, amene adayambitsa Liblouis, sankaona komanso sankamva. Aliyense wa iwo adakumana ndi khomo lotseka n'kusula yekha kiyi. Ntchito imene yatsala, yoti ziyankhulo za kuno kwathu zimveke bwino m'makinawa, ikufuna anthu odziwa kamvekedwe ka mawu ndi malamulo a kalembedwe, ndipo anthu oterewa ali m'madipatimenti a ziyankhulo a m'mayunivesite athu. Ngakhale wolemba wamba ali ndi gawo lake, chifukwa nkhani yolembedwa mosamala imawerengeka bwino pansi pa chala, pamene tsamba longojambulidwa ngati chithunzi limakhala chete kwa wosaona mpaka litadutsa m'makina ena ozindikira zilembo.

Ndondomeko yake yonse mayiyu adailemba m'Braille pa mapepala olimba asanu, n'kuwasoka ndi ulusi. Adasankha pepala chifukwa silifuna batire ndipo silidikira magetsi. Lachitatu lililonse masana amakhala ndi ana anayi osaona a pa sukuluyo m'chipinda chawo chophunzirira, ndipo kuwonjezera pa kuwaphunzitsa kulemba ndi kompyuta amawaphunzitsa kuidzutsa ikafa. Amawononga dala kanthu kamodzi mwana asakudziwa. Mwina amazula nthambo, mwina amatsitsa voliyumu, mwina amasintha tebulo, kenaka amamukhazika pampando. Ana atsopano amayamba ndi mantha, n'kumadina mabatani onse nthawi imodzi, kapena kuitana mnzawo wopenya amene akudutsa pakhonde. Iye amawaletsa modekha, n'kuwauza kuti ayambe afunsa funso loyamba.

Mtsikana wina wa Folomu 1, amene miyezi iwiri yapitayo ankalira makina akangoti zii, adakhala pampandowo sabata yatha. Adadina batani lolozera pansi n'kutchera khutu. Adayendetsa zala pamzere wa madontho kuchokera kumanzere mpaka kumanja, n'kubwereranso.

"Liwu likumveka, aphunzitsi, koma madontho sakusintha. Ndiye pulogalamu ili bwino. Ndiyambe ndi nthambo?"

"Yamba ndi nthambo," adayankha mphunzitsiyo, ndipo mtsikanayo adatambasula dzanja kuseri kwa makina.